Funsani Aphunzitsi: thirteen ndi thirty zandidulitsa malipiro

FUNSO

Aphunzitsi, ndine mtsikana wa zaka 24 ndipo ndimagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Senga Bay m'boma la Salima. Chingerezi cha MSCE ndinakhoza bwino, kulemba sikundivuta. Mwezi watha mzungu wina anaimba foni kuti Loweruka abwera ndi anzake kudzadya nkhomaliro. Ine ndinamva kuti abwera anthu thirty. Ndinabwereza nambalayo, iye n'kuvomera. Akukhitchini anagula chambo cha anthu 30, koma Loweruka litakwana m'minibasi munatsika anthu 13 okha. Abwana anapsa mtima ndipo andidula malipiro. Komanso ndikamatchula mitengo ya zipinda, alendo amandifunsa kawiri katatu. Mnzanga wa kuntchito akuti vuto langa ndi th, ndiziluma lilime potchula. Ndayesa, koma ndikungowazira alendo malovu. Kodi mawu awiriwa amatchulidwa bwanji?

Wodandaula, Salima

YANKHO

Achemwali, pepani ndi chambo chija. Koma mnzanuyo wakulozerani pamene palibe vuto. Taonani: th ali kumayambiriro kwa thirteen, alinso kumayambiriro kwa thirty. Chimene chili m'mawu onse awiri sichingawasiyanitse. Ngakhale mukanaluma lilime mpaka kutuluka magazi, chambo chikanagulidwabe cha anthu 30. Mawu awiriwa amasiyanira kumchira.

Chimene chimandisangalatsa n'chakuti tikamayankhula Chichewa sitiwasokoneza. Mayi akanena kuti mwana wake ali ndi zaka satini, palibe amene amamva kuti sate. Chichewa sichitsekera mawu pa lembo lopanda liwu, n'chifukwa chake book anasanduka buku, spoon anasanduka supuni, thirteen anasanduka satini. Ndiye i womalizayo, amene ife aphunzitsi a Chingerezi timamuthamangitsa m'kalasi tsiku ndi tsiku, amagwira ntchito ziwiri zabwino. Amachititsa kuti n amveke. Komanso amaika mphamvu ya mawu pamalo pake. Paja ife timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto: tanenani "ndikupita kunyumba", mumva kuti nyu wakokeka. Motero timati sa-TII-ni, komanso SAA-te. Mngerezi naye amati thir-TEEN, komanso THIR-ty. Mphamvu yagwera pamalo amodzimodzi. Kondakitala wa minibasi akamawerenga anthu ake n'kunena kuti alipo satini, amatsindika pamalo amene munthu wa ku London amatsindika.

Zimasokonekera tikakhala pa desiki, foni ili kukhutu, tikuyesetsa kuyankhula Chingerezi chaulemu. Timadula i uja. Mawu atsala ndi maphatikizo awiri, chizolowezi chathu chimabwezera mphamvu pa phatikizo loyamba, ndipo n wotsala yekha kumapeto timamumeza. Chotuluka ndi "SAti", chimene mlendo amachimva ngati 30 inu mukutanthauza 13. Apa ndi pamene alendo anu amakufunsani kawiri katatu.

Za tsiku la chambo ndikuganiza kuti zinayenda motere. Mzunguyo sananene thirteen payekha, ananena thirteen people. Eni chinenerochi ali ndi chizolowezi: nambala ngati imeneyi ikatsatidwa ndi mawu ena otsindika koyambirira, mphamvu imathawira kutsogolo, n'kukhala THIR-teen PEO-ple. Pamwamba pa apo, milomo imayamba kutsekeka msanga pokonzekera p, ndiye n amamveka ngati m wofooka amene amasowera mu people. Pa foni ya netiweki ya kunyanja, khutu lanu linamva thirty ndipo silinalakwe kwenikweni. Kenaka inu munabwereza mofunsa. Pofunsa timakweza ndi kukoka mawu omaliza, ndiye thirty wanu anatuluka kuti "sa-TII?" Kwa iye, kukoka kumapetoko ndi chizindikiro cha thirteen, nambala imene inali kale m'mutu mwake. Anavomera mosakayika. Aliyense anamva zake, nonse n'kutsazikana mwansangala.

Tsono katchulidwe kake ndi aka. Pa thirteen, kokani kumapeto: tii wautali, ndipo mumalize lilime litakanirira kuseri kwa mano akumwamba, mpweya ukutulukira m'mphuno, nnn. Musachite manyazi kumukoka n ameneyu. Pa thirty, mphamvu yonse ithere pa phatikizo loyamba, lachiwirilo lingogwa lalifupi, ngakhale pamene mukufunsa. Lamuloli ndi lomwelo kuyambira 13 mpaka 19 poyerekeza ndi 30 mpaka 90: fourteen ndi forty, fifteen ndi fifty, eighteen ndi eighty. Pa mitengo ya masiku ano, kusiyana kwa K15,000 ndi K50,000 si nkhani yoseketsa.

Pali chizindikiro china chimene khutu la Mchewa limachigwira msanga kuposa makutu a anthu ambiri, chifukwa ife timasiyanitsa t ndi th, monga mu kutenga ndi uthenga. T wa Chingerezi akakhala poyambira phatikizo lotsindika amatuluka ndi kampweya, ndendende th wathu wa mu thupi. Makolo athu anazimva kalekale zimenezi: towel anamutcha thawulo, tank thanki, trousers thalauza, monganso court anakhala khoti ndipo coffee khofi. Ndiye mchira wa thirteen ndi "thiin" wa Chichewa, womveka bwino ndi kampweya kake. T wa mu thirty ndi wofooka. Anthu a ku America ndi Canada amangomumenya pang'ono ndi nsonga ya lilime, n'kumveka pafupi ndi r wa mu ziwiri. Ambiri a ku London samutchula n'komwe, amangodula mpweya pakhosi. Mukamva t wakuthwa wa kampweya, ganizirani 13. Mukamva wofewa kapena wosowa, ganizirani 30.

Komabe pa nkhani ya ndalama ndi chiwerengero cha anthu musadalire khutu lokha, ngakhale litakhwima bwanji. Angerezi eniake amasokonezana pa manambala amenewa, ndipo njira yawo ndi yosavuta: amatchula nambala, kenaka manambala ake limodzilimodzi. "Thirteen, one three?" kapena "Thirty, three zero?" Palibe mlendo amene angakuoneni ngati mbuli pofunsa chonchi. Oyendetsa ndege amachita zomwezo. Bungwe la ICAO, loona za maulendo a pandege pa dziko lonse, linakhazikitsa kuti pa wailesi manambala ambiri azitchulidwa limodzilimodzi, ndipo linasintha dala katchulidwe ka ena: three ndi "tree", five ndi "fife", nine ndi "niner", thousand ndi "tousand". Mwaona? Pamene pali miyoyo ya anthu mazana, th wa mnzanu uja anamutaya. Ndipo pomaliza kuyankhulana pa foni, tumizani uthenga wa WhatsApp wokhala ndi tsiku, nthawi ndi chiwerengero cholembedwa m'manambala, mlendoyo ayankhe. Abwana anu akanakhazikitsa dongosolo limeneli kale, bwenzi chambo chisanawonongeke, koma za malipiro anu si gawo langa, ine ndine wa choko.

Poti mwafunsa za th, ndisakumaneni. Kalembedwe kathu ndi kamene kamatinyenga. Mwana wa Sitandade 1 amaphunzira kuti t ndi h akakumana amapanga th wa thambo, ndipo p ndi h amapanga ph wa phiri. Akafika pa think ndi phone, maso amamuuza zomwezo, chikhalirecho Chingerezi chikutanthauza zina. Liwu la th wa Chingerezi mulibe m'Chichewa, ndipo pobwereka mawu tinaligawa pawiri: mu sate ndi sauzande linakhala s, mu firii ndi bafa linakhala f.

Kulitchula kwake sikufuna kuluma. Yambani ndi s wautali, sssss. Mpweya ukutulukabe, kankhirani nsonga ya lilime kutsogolo pang'onopang'ono mpaka ikhudze m'mphepete mwa mano akumwamba, kungokhudza basi. Liwu lisintha, likhala lofewa, ngati mpweya wotuluka pa tayala la njinga lobooka ndi munga. Limenelo ndiye th wa thirty. Muyeso wake ndi uwu: th wathu amaphulika kamodzi n'kutha, simungamukoke; wa Chingerezi mutha kumukoka mpaka mpweya kukutherani. Ngati malovu akutuluka, ndiye kuti mwatulutsa lilime kwambiri ndipo mukukankha ndi mphamvu. Chitirani pagalasi, nsonga yokha ndiyo izioneka.

Dziwaninso kuti th alipo wa mitundu iwiri. Gwirani pakhosi ndi zala, munene think, kenaka this. Pa think pakhosi pamakhala zii mpaka i atafika. Pa this pamanjenjemera kuyambira pachiyambi. Wa thirty, three, thousand ndi Thursday ndi woyamba uja. Wa this, mother ndi weather ndi wachiwiri. Ndipo mu Thomas, Thames ndi Thailand mulibe onse awiri, ndi t wamba, ndiye pamenepo th wathu wa Chichewa ndi wolondola.

Kodi n'kofunika kuvutika naye? Pang'ono. Ku Ireland ambiri amatchula three ngati tree. Ku London ambiri amati "free" ndi "firty", ndipo anabadwira m'chinenerocho. Koma pa ntchito yanu pali malo amodzi oti musamale. Mukauza mlendo kuti mwamulembera "firii naitsi", ena amva free nights, kugona kwaulere, ndipo abwana adzakuitananinso ku ofesi.

Chatsala ndi liwu la pakati, lolembedwa ir, limene ndi lomwelo mu first, bird, work, nurse, learn ndi Thursday ngakhale kalembedwe kakusiyana. Ife tili ndi mavawelo asanu, a e i o u. Chingerezi cha ku England chili ndi pafupifupi 20, ndipo ili ndi limodzi mwa amene tilibe. Umboni wake uli m'mawu obwereka: nurse tinati nesi, skirt siketi, koma shirt tinati shati, church tchalitchi. Liwu limodzi, ife kulowetsa pena mu e, pena mu a, chifukwa limakhala pakati pa awiriwo. Tsegulani kukamwa pang'ono, milomo isamwetulire komanso isazungulire, lilime lingogona pakati osachita kanthu, mutulutse liwu lalitali. Anthu a ku America, ku Scotland ndi ku Ireland amamveketsa r m'mawu amenewa. Ambiri a ku England, ku Australia ndi ku South Africa samumveketsa. Zonse n'zovomerezeka. Ine ndimalangiza ana asukulu anga kutsata osamveketsawo, chifukwa r ali ndi milandu yake pa lilime lathu, ndipo kutchula thirty kuti "selite" n'koipa kuposa kunena kuti sate.

Pa intaneti, Cambridge Dictionary ndi Oxford Learner's Dictionaries ali ndi kabatani komvetsera mawu aliwonse, katchulidwe ka ku Britain ndi ka ku America, kwaulere kupatula bandulo yanu. Pamenepo muonanso kachizindikiro kooneka ngati kandodo kakang'ono m'mwamba. Phatikizo lotsatira kandodoko ndilo lotsindika. Koma kumvetsera kokha sikuchiza, poti munthu sadzimva bwino akamayankhula. Lembani manambala khumi osakaniza, 13, 40, 50, 16, 30, 19 ndi ena, muwawerenge pa voice note, mutumize kwa mnzanu uja awalembe osaona pepala lanu. Amene walakwitsa kulemba ndiwo muyenera kuwabwereza. Kenaka musinthane, chifukwa ndikukayika ngati iyeyo angakhoze onse.

FUNSO

Aphunzitsi, tatiweruzani. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 amandiseka ndikati "Wedinesidei". Akuti ndi "Wenzidei". Ine ndimamuuza kuti d ndi e analembedwamo kuti azitchulidwa, ndipo ife tinaphunzira Chingerezi nthawi ya a Kamuzu pamene sukulu inali sukulu. Wolondola ndani?

Bambo wa ana asanu, Dedza

YANKHO

Bambo, ndine wa m'badwo wanu ndipo zikundiwawa, koma mlandu wakomera mwana. Ndipo naye awonjezere pang'ono: maphatikizo ndi awiri okha, WENZ-dei, popanda i pakati pa z ndi d.

Mfundo yanu ikanagwira ntchito chikanakhala Chichewa, chimene chimalembedwa monga momwe chimamvekera. Chingerezi kalembedwe kake kanayamba kuuma zaka mazana asanu zapitazo, makamaka William Caxton atatsegula makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476, pamene pakamwa pa anthu panapitiriza kusintha. Dzina la tsikuli limatanthauza tsiku la Woden, mulungu wa Angerezi akale asanalandire Chikhristu. D wa Woden anatsala papepala, pakamwa pa ambiri anachoka. K wa mu knife ndi knee nayenso kale ankatchulidwa. Malembo ena sanatchulidwepo n'komwe: b wa mu debt anachita kulowetsedwa ndi anthu ophunzira pofuna kuonetsa kuti mawuwo anachokera ku Chilatini, chimodzimodzi p wa mu receipt.

Musanakhale pansi kudya nkhomaliro ndi mwanayo, konzekerani awa, poti akubwera nawo: vegetable ndi VEJ-tə-bl, maphatikizo atatu, mulibe tebulo, chocolate ndi CHOK-lət, plumber alibe b, says amamveka "sez". Chizindikiro cha e wozondokacho ndi liwu lofooka kwambiri, longodutsa, limene limapezeka kawirikawiri kuposa vawelo ina iliyonse m'Chingerezi. Ndipo wachibale akapita ku Leicester, uzani anthu kuti ali ku "Lesta".

Chokupepesani ndi ichi: ku Scotland ndi kumpoto kwa England kuli anthu amene amamveketsabe d pang'ono, n'kukhala ngati "Wed-n-zdei". Mutha kumuuza mwanayo kuti Chingerezi chanu ndi cha ku Scotland. Koma "nesi" wa pakati uja ngakhale kumeneko kulibe.

FUNSO

Aphunzitsi, ndine namwino ndipo ndikukonzekera mayeso a Chingerezi a IELTS. Anzanga akuti ndikapanda kuyankhula ngati mzungu ndilephera gawo loyankhula, ndipo ena ayamba kale kuyankhulira m'mphuno. Komanso l ndi r zimandisokoneza. Nditani?

Namwino, Zomba

YANKHO

Anamwino, asiyeni a m'mphunowo. Gawo loyankhula la IELTS limatenga mphindi 11 mpaka 14, ndipo woyesa amayang'ana zinthu zinayi zolemera mofanana: kuyankhula mosadodoma ndi molongosoka, kuchuluka kwa mawu amene mumadziwa, galamala, ndi katchulidwe. Pa katchulidwepo chimene amafuna n'chakuti akumveni mosavutika. Kumveka kuti ndinu Mmalawi si mlandu. Ndamvapo achinyamata ambiri amene pofuna kumveka ngati a m'mafilimu amameza theka la mawu, mapeto ake samveka kwa mzungu, samvekanso kwa ife.

Za l ndi r ndiye zenizeni, ndipo pa ntchito yanu n'zofunika. M'Chichewa awiriwa ndi liwu limodzi. Timangolemba r pambuyo pa i ndi e, monga mu mbiri ndi mbereko, ndi l pena paliponse, monga mu mbale ndi mlomo. Mutawasinthanitsa tanthauzo silisintha. M'Chingerezi limasintha: collect ndi correct, alive ndi arrive, glass ndi grass, light ndi right, bleed ndi breed. Wodwala akamva "alive" pamene mumati dokotala afika, adzakuyang'anani kawiri.

Kusiyana kwake kuli pa kukhudza. Pa l, nsonga ya lilime imakanirira kuseri kwa mano akumwamba n'kukhala pomwepo, mpweya ukudutsa m'mbali. Pa r wa Chingerezi lilime silikhudza paliponse: limapindikira m'mwamba pang'ono n'kuima m'malere, milomo itasongoka pang'ono. Liwu lathu la Chichewa lili pakati, lilime limamenya kamodzi n'kuthawa, n'chifukwa chake mlendo amalimva pena ngati l, pena ngati r, pena ngati d.

Musayambe ndi mndandanda wa mawu mazana. Tengani a m'wodi mwanu amene mumawatchula tsiku lililonse, blood pressure, allergy, referral, drip, relative, fluid, ndipo pa aliwonse muziona m'maganizo kalembedwe kake musanatsegule pakamwa, popeza kulemba mumalemba molondola. Referral ndi amene adzakuvutitseni kwambiri: r, r, kenaka l, ndipo mphamvu ili pakati, re-FER-ral. Muwerengenso yankho la achemwali a ku Salima pamwambapa, chifukwa pa mlingo wa mankhwala fifteen ndi fifty muzitsatiza "one five" kapena "five zero" nthawi zonse, kaya muli ku Zomba kaya ku Manchester.